Mndandanda wa ku Lesiti

"Mundiuze bwinobwino, alamu. Dzina langa munalilemba kapena simunalilembe?"

Fainess anafunsa ataima pakati pa nyumba, mwana ali kumbuyo. Habibu anali atangofika kuchokera ku golosale yake, nsapato asanavule n'komwe.

"Ndinalemba ndi dzanja langali, alamu. Fainess Sadick, ana atatu, nyumba ya njerwa zowotcha. Ngakhale tsamba lake ndikulikumbukira."

"Nanga kapepala kanga kali kuti? Anthu a kumunsi alandira timapepala ta manambala lero. Ine ndaima padzuwa kuyambira m'mawa mpaka mwanayu kulira kwachita kumuthera. Nditafika patebulo, a tcheyamani angondiyang'ana kuyambira kumapazi, amvekere, 'Mayi, kafunseni kwanu.' Ndiye ndabwera, ndikufunsa."

Maimuna, mkazi wa Habibu, ankasankha mpunga m'lichero pafupi ndi chitseko. Sanadzutse mutu.

"Mwina amatanthauza kwanu kwenikweni," iye anatero.

"Kwathu kwenikweni ndi kuti, mayi a Kalilu? Ine mchombo wanga unagwera ku makomboni a kumizimbe uko. Ku Phalombe anachokera ndi makolo anga, ine ndinangopitako kamodzi ku maliro. Mwamuna wanga wagona m'manda a pano. Mukufuna ndikafunse kuti?"

Panali patatha miyezi iwiri chikwerereni nyanja. Tauni ya Lesiti inagawidwa pakati ndi msewu wa tala. Kumunsi kunali madambo a mpunga ndi nyumba za asodzi mpaka kugombe, kumtunda kunali miyala, chinangwa ndi sukulu. Madzi anameza kumunsi konse. Nyumba ya a Fakiri, bambo ake a Habibu, inagwa. Inagwanso ya Fainess, imene malemu Sadick, mkulu wake wa Habibu, anamanga chaka chimodzi asanamwalire. Onsewa anadzaunjikana kwa Habibu, m'nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa chigayo, anthu khumi ndi mmodzi. Boma linalonjeza mapuloti kumtunda, ndipo komiti ya anthu a m'tauni momwemo ndiyo inalemba mayina. Habibu anali mlembi wake.

"Phokoso lanji m'nyumbamo?"

Anali mawu a a Fakiri kuchokera pakhonde pamene ankasoka ukonde wakale. Fainess anagwada pomwepo ngakhale kuti apongozi akewo sankamuona.

"Palibe, bambo. Ndimangofunsa za kapepala."

"Za boma sizifuna phuma, make Tatu. Walira mvula walira matope. Dekhani."

Fainess anatuluka ndi chidebe kupita kumjigo. Habibu anakhala pa mpando n'kuyamba kuyang'ana mkazi wake. Tcheyamani wa komiti, a Abdulwahab, anali amalume ake a Maimuna, ndipo sabata yathayo Maimuna anapitako kawiri, amvekere akukazonda azakhali.

"Bwanji mukundiyang'ana ngati ndaba nyama mumphika?"

"Kwa amalume ako unkakatani?"

Maimuna anaika lichero pansi.

"Bambo a Kalilu, muziganiza musanayankhule. Ine ndikugona pansi m'nyumba mwanga momwe. Ndikaphika ndiwo ndimachita kuwerenga nthuli ngati ndili kundende. Mbewa zikachuluka siziika masa. Munthu amene akufunitsitsa kuti alamu anuwo apeze puloti achoke muno ndi ine. Ndikawafufutitse dzina kuti akalambire m'nyumba mwanga?"

Zinali zomveka. Komabe Habibu sanakhutire. Madzulo a tsikulo anaona Maimuna akunong'onezana ndi mlongo wake kuseri kwa bafa, ndipo atangomuona analeka.

Pakhonde la golosale ya Habibu pankakhala telala wina dzina lake Raston. Anabwera ku Lesiti kuchokera ku Thyolo ali mnyamata kudzadula mzimbe, msana utamukana anagula makina osokera. Tsopano anali wa imvi. M'mawa mwake sanapereke moni monga ankachitira.

"A mlembi," iye anatero akulowetsa ulusi m'singano, "ine ndakhala pakhonde panu zaka zisanu ndi zitatu. Kodi ndinakulakwirani chiyani?"

"Inunso simunalandire?"

"Ndife mabanja makumi atatu ndi awiri. Tinadziwerenga dzulo kusukulu. Ine, a Tedson a ku Nsanje aja, Anastazia wogulitsa mandasi, a Mtendere a ku Rumphi. Mukaona bwino, mbuzi zonse zimene zasowa ndi za mtundu umodzi. Koma chodabwitsa n'chakuti inu munalemba mabanja 214, ndipo timapepala tatuluka 214. Nanga makumi atatu ndi awiriwo atenga ndani?"

Habibu anayankha msangamsanga.

"Ine kope langa ndinapereka kwa a tcheyamani kuti akatayipitse ku boma. Kuchokera pamenepo sindinalionenso."

"Aliyense akutero, kuti sanaone." Raston anapondaponda makina kenako n'kuima. "Akuti malo a kumtunda ndi ochepa, ayambe alandira eni nthaka, obwera adikire. Ndifunseko, mwini wake wa Lesiti ndani? Dzina lenilenilo mukulidziwa kumene linachokera? Nditafika kuno ndinapeza nkhalamba zimene zinaona ndi maso. Pano panali thengo, njovu zokhazokha. Azungu a boma poyenda ulendo wa kumpoto anamanga kanyumba kopumulira paphiri paja, pamene patsala maziko ndi chitsime chouma. Lesiti hausi. Anthu amene ankawanyamula pa machila ndi amtengatenga a katundu ndiwo anayamba kumanga misasa m'munsi mwake. Wina Myao, wina Mtonga, wina Mngoni, wina Mchewa wa kumapiri, wina wochokera ku boma kumene kunali Aswahili. Tauni yonseyi ndi msasa wa apaulendo, a mlembi. Kusiyana kwake n'kwakuti ena anafika m'mawa, ife tinafika masana."

"Zimenezo mukawauze a komiti."

"A komiti ndinu."

Tsiku lonse Habibu ankapatsa anthu sopo akafuna mchere. Aliyense wolowa m'golosalemo ankamuyang'ana mwa mtundu wina. Anastazia anadutsa ndi beseni lake la mandasi osaima, pamene masiku onse ankasiyako khumi.

Lachisanu pochokera ku mzikiti, Habibu anayenda limodzi ndi bambo ake. Anawafotokozera zimene Raston ananena, uku akuwayang'ana m'mbali.

"Telala ameneyo pakamwa pake mpotambalala ngati thalauza losoka yekha," a Fakiri anatero. "Inde, agogo anga ananyamula mzungu. Phewa lawo linali ndi chipsera mpaka kufa. Koma ndi iwo anagwetsa mitengo pano, ndi iwo anathamangitsa njovu, mwana wawo woyamba anadyedwa ndi ng'ona padoko paja. Amenewa abwera pa basi atamva kuti kuli shuga. Anapeza msewu, anapeza msika, anapeza mzikiti ndi tchalitchi. Pamene ndinali mwana pano panali nyumba makumi anayi, tonse tikudziwana. Lero ukaponya mwala ugenda munthu amene sudziwa agogo ake. Mlendo ndi mame, mwana wanga."

"Mame a zaka makumi anayi, ababa?"

"Ngakhale zana."

"Nanga alamu? Iwonso ndi mame?"

A Fakiri anaima n'kuyamba kuchotsa kamwala m'patapata mwawo. Anachedwa nako kamwalako.

"Za make Tatu zisiye. Zili m'manja mwa akuluakulu."

Mawu amenewa anamukhala Habibu pamtima masiku anayi. M'nyumba munalowa chisanu. Fainess anayamba kuphika payekha kuseri, ndipo Habibu akalowa ankasonkhanitsa ana ake ngati nkhuku yaona kabawi. Chikwama chake cha mapepala, mmene munali chiphaso chake ndi kalata ya imfa ya Sadick, anayamba kuyenda nacho m'chiuno ngakhale popita kumjigo. Maimuna naye anayamba kukiya sutikesi. Tsiku lina Habibu anapeza matumba a jekete lake atatembenuzidwa, ndipo sanadziwe kuti mwa akazi awiriwo wafufuzamo ndani.

Lachitatu anatseka golosale masana n'kupita kwa a Abdulwahab. Anawapeza pansi pa mtengo wa mango akumwa tiyi. Pamtengo wina panali patamangidwa mbuzi zitatu zimene Habibu sanazionepo pakhomopo.

"Ndabwera kudzatenga kope langa."

"Kope? Linatsala ku boma, mwana wanga. Kapena m'minibasi. Ukudziwa ukalamba."

"Ndiye ndione mndandanda wotayipawo. Loweruka akubwera a ku boma kudzagawa mapuloti. Akandifunsa ine mlembi ndidzati chiyani?"

A Abdulwahab anaseka pang'ono, n'kulowa m'nyumba. Anatuluka ndi mapepala asanu omata pakona.

"Werenga. Koma udziwe kuti nkhanga zinapangana kusanache. Ndipo usanayambe kulalata, uone kaye nambala 87."

Habibu anayendetsa chala. Anaona mayina a anthu amene ali ku Joni, ena ku Lilongwe, wina mwana wa sukulu wa fomu 2. Pa nambala 87 chala chinaima. Panalembedwa kuti Sadick Fakiri. Kutsogolo kwake, pa malo a womulandirira, panali chidindo cha chala chachikulu ndi dzina la bambo ake.

"Achimwene anamwalira chaka chatha. Inu nomwe munatsogolera mapemphero a dua pa sadaka yawo."

"Ine ndinangothandiza mnzanga wakale. Anabwera yekha, m'mawa kutangocha, kudzandipempha. Ukafuna kugwetsa mtengowu, uyambe wayang'ana amene wakhala pansi pake."

Habibu anawapeza bambo ake ali okha paphiri, pafupi ndi maziko a nyumba ya azungu ija, akuyang'ana zikhomo zofiira zimene anthu oyeza malo anakhoma.

"Ababa, mwadzutsa achimwene m'manda kuti adzalande malo a ana awo?"

Mkuluyo sanadzidzimuke.

"Ndawasungira ana akewo. Tamvera. Make Tatu ali ndi zaka makumi atatu ndi ziwiri. Masiku a eda, olira mwamuna wake, anamaliza kalekale. Chaka chino kapena chamawa abwera wodula mzimbe wina, amukwatira. Puloti ikakhala m'dzina lake, alowapo ndani? Mwamuna wachilendo adzagona pa malo a Sadick, adzabereka ake, adzukulu anga n'kukhala akapolo pakhomo pa bambo awo. Kapena agulitsa n'kuthawira ku Phalombe. Ndaziona zimenezi, si kamodzi. Galu wamkota sakandira pachabe."

"Mukanawauza."

"Ndiuze mpongozi? Kuti achite chiyani? Adzamanga pomwepo, palibe adzamuthamangitse ndili moyo."

"Nanga mukadzapita? Pepala lidzakhala la munthu wakufa. Mng'ono wanga Ikram akadzabwera kuchokera ku Joni n'kunena kuti ndi malo a bambo ake, alamu adzaloza chiyani? Ndipo si iwo okha. Mabanja makumi atatu ndi awiri, ababa. Ndi katangale ameneyu."

"Enawo si anga." A Fakiri anatembenuka n'kumuyang'ana m'maso. "Iwe ndi ine ndi magazi amodzi. Chibale ndi fupa, sichiwola. Ukakatsegula pakamwa Loweruka, apolisi adzanditenga ine, bambo ako, wa zaka makumi asanu ndi awiri. Ukatero, Wallahi, usadzagwire nawo jeneza lonyamulira maliro anga."

Habibu anatsika phirilo. Atafika kunyumba anapeza Fainess akuchapa. Mayiyo anadzutsa mutu, thovu lili m'manja.

"Mwamvako chilichonse, alamu?"

"Ayi. Akuti tidikire Loweruka."

Lachinayi anafunsanso. Lachisanu sanafunse.

Loweruka bwalo la sukulu linadzaza. Anthu a m'matenti anakhala kutsogolo, timapepala tili m'manja. Amene analibe anaima kumbuyo, pansi pa mtengo wa mkesha, Raston ndi Fainess ali pakati pawo. Kuchokera ku boma kunabwera mayi wina wa magalasi, amene anakhala patebulo pakati pa a Abdulwahab ndi Habibu. A Abdulwahab anayankhula nthawi yaitali za umodzi, kenako anati pofuna kusunga nthawi azingoitana manambala.

Raston anakweza dzanja.

"Pepani, bwana. Nambala ilibe nkhope. Tikupempha muziitana dzina, mwini wake aziimirira timuone."

"Amenewo sali pa mndandanda, asatisokoneze," a Abdulwahab anatero.

Mayi wa ku boma anawayang'ana pamwamba pa magalasi.

"Palibe chovuta pamenepo. Bweretsani, ndiziitana ndekha."

Mayina oyambirira anayenda bwino. Pa nambala 23 panaimirira mayi wina n'kunena kuti akulandirira mwana wake amene wapita kuchipatala. Kumbuyo kunamveka mawu akuti, "Chipatala cha ku Joni!" Anthu anaseka, ena anang'ung'udza. Pa 40 ndi pa 61 zinachitikanso chimodzimodzi. Mayi uja anayamba kuika timizere m'mbali mwa pepala. Habibu ankangoyang'ana manja ake. Anamva 85, anamva 86.

"Sadick Fakiri."

A Fakiri anadzuka pang'onopang'ono atatsamira ndodo.

"Ndikumulandirira ndine. Wachokapo pang'ono."

Palibe anaseka. Anthu onse a ku Lesiti analipo tsiku limene Sadick anamuvuula m'nyanja. Mitu inatembenukira ku mtengo wa mkesha.

Fainess anamasula mwana kumbuyo n'kumupereka kwa Anastazia. Anayenda pakati pa anthu osathamanga. Atafika kutsogolo anagwada, osati kwa a ku boma, koma kwa apongozi ake, munthu amene zaka khumi ndi zitatu anali asanamuyang'anepo m'maso.

"Bambo, mwati wachokapo pang'ono?"

A Fakiri anayang'ana kumbali.

"Ndiuzeni kumene wapita ndikamutenge. Tatu amamufunsa tsiku ndi tsiku. Wamng'onoyu sanamuonepo n'komwe. Ngati ali moyo, puloti tengani, sindikuifuna. Mungondipatsa mwamuna wanga ndizipita naye."

Mawu ake sanakwere, koma anafika mpaka kumbuyo. Mayi wina anayamba kulira. Fainess anapisa dzanja m'chiuno, natulutsa kalata ya imfa ija, n'kuiika patebulo.

Mayi wa ku boma anaiwerenga, kenako anatembenukira kwa Habibu.

"Inu ndinu mlembi. Munthu ameneyu mukumudziwa?"

Habibu anaimirira.

"Anali mkulu wanga. Anamwalira chaka chatha, mwezi wa Febuluwale. Ine ndinalemba dzina la mayiwa. Mndandanda uwu si umene ndinalemba."

Zimene zinatsatira zinali chipwirikiti. A Abdulwahab anayamba kuloza anzawo a m'komiti mmodzimmodzi, iwonso n'kumawaloza. Khoswe wa padenga anaulula wa padzala. Mayi uja anapinda mapepala n'kulengeza kuti palibe puloti igawidwe mpaka anthu a ku boma adzalembe okha, khomo ndi khomo. Apa anthu a timapepala anakwiya. Ena anali atagula kale mitengo ndi udzu. Mwamuna wina anakuwa kuti obwera awonongetsa zinthu, ndipo Fainess pobwerera kunyumba anachita kuperekezedwa ndi Raston ndi a Tedson.

Kulemba kwatsopano kunatenga masabata atatu. Apolisi anaitana a Abdulwahab kawiri. A Fakiri apolisiwo anangowafunsa mafunso n'kuwabweza chifukwa cha ukalamba, koma iwo sanabwererenso kwa Habibu. Anatenga ukonde ndi mkeka wawo wa swala n'kukakhala kwa mlongo wawo Habiba, ku Benga. Habibu atapitako ndi shuga ndi majani a tiyi, anamuuza kuti agona. Anamva kutsokomola kwawo kuseri kwa chitseko. Kuchokera kwa amalume a Maimuna nako kunabwera uthenga woti Maimunayo asadzapondekonso.

Fainess anapatsidwa puloti yakumapeto, kumene phiri limayamba kutsetsereka, pa miyala. Tsiku limene anayamba kulambula, Habibu anabwereka ngolo n'kubweretsa mitengo khumi ya bulugama ndi malata anayi otsala pa golosale. Anamupeza akuzula chitsa, Tatu akutuntha miyala.

"Ndabweretsa izi, alamu. Mawa ndibwera ndi anthu awiri tidzaimike."

Fainess anatsamira khasu n'kupukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje.

"Zikomo. Koma pali chimene chikundisowetsa mtendere. Pamene mayi aja anatchula dzina la bambo a Tatu, anthu onse anadzidzimuka. Ngakhale mayi a Kalilu anagwira pakamwa, ndinawaona. Inu nokha simunadzutse mutu. Munadziwa liti?"

Habibu anayang'ana ng'ombe za pangolo.

"Lachitatu."

"Lachitatu lija ndinkachapa?"

"Lomwelo."

"Ndipo Lachinayi ndinakufunsaninso." Anayamba kuwerenga ndi zala, kenako anasiya. "A Raston akanapanda kukweza dzanja, akanangoitana 87, bambo n'kulandira. Inu mukanatani?"

"Ndimafuna kuyankhula, alamu. Ndimangosowa poyambira."

"Sindinafunse zimene mumafuna."

Habibu mwini funso limeneli anali atadzifunsa masabata atatu onsewo.

"Anakutayani bambo anu chifukwa cha ine, ndikudziwa," Fainess anatero. "Sindikunyozani. Ana awa ndi anu, azibwera kwanu, inunso muzibwera kudzawaona. Koma mitengoyi bwererani nayo."

"Ndi mphatso chabe."

"Lero ndi mphatso. Mawa wina adzati nyumbayi inamangidwa ndi mitengo ya kwa Fakiri. Ndidula yanga."

Anatola khasu. Habibu anaima kanthawi, kenako anatembenuza ng'ombe. Ngolo inatsika phiri ndi katundu wake yense, malata akulira pa miyala, ndipo kumbuyo kwake ankamva khasu likumenya chitsa.